Alamu ya moto ku hositeli: zoti mumuuze mwana asananyamuke

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, pakhomo pamakhala piringupiringu. Abambo ali kalikiliki kusaka fizi, amayi akugula bulangete, ndowa ndi mapoto, azakhali abweretsa mtedza ndi ufa woti akayambire. Malangizo nawo amachuluka usiku womaliza: usamayende usiku, usankhe bwino anzako, usaiwale mapemphero, ndalama uzidya mosamala. Onsewa ndi abwino. Koma pali langizo lina limene sindimva kawirikawiri makolo akupereka, ndipo ndi lalifupi: alamu ya moto ikalira, udzuke, utuluke panja. Ngakhale ikhale kuti inalira dzulo ndi dzana popanda moto, utuluke basi.

Chifukwa chake chikuoneka bwino pa zimene zinachitika ku Seton Hall University, m'tawuni ya South Orange, chigawo cha New Jersey ku America. Cha m'ma 4:30 m'bandakucha wa pa 19 Januwale 2000, moto unabuka m'chipinda chochezera cha mu Boland Hall, hositeli ya ophunzira a chaka choyamba. Anauyatsa ndi ophunzira awiri amene ankati akusereula: anayatsa chipepala chachikulu, moto n'kugwira masofa a siponji, ndipo posakhalitsa utsi wakuda bii unadzaza m'makonde. Alamu inalira monga inayenera kulirira. Tsoka linali lakuti m'miyezi yochepa ya m'mbuyomo alamu yomweyo inali italira ka 18 popanda moto, kambiri chifukwa cha chibwana cha ophunzira anzawo. Choncho ambiri atamva kulirako anangotembenuka n'kukokera bulangete kumutu. Pamene ankazindikira kuti ulendo uno ndi zenizeni, khonde linali losaoneka. Anyamata atatu anafa, ophunzira oposa 50 anavulala, ena anapsa moti anakhala m'chipatala miyezi. Chaka chomwecho New Jersey inakhazikitsa lamulo lakuti mahositeli onse a m'chigawocho aikidwe timipopi towaza madzi kudenga pasanathe zaka zinayi, popeza mu Boland Hall munalibe.

Makina analibe vuto usiku umenewo. Chimene chinawonongeka ndi chikhulupiriro cha anthu pa makinawo. N'chifukwa chake ndikuona kuti ndi bwino mwana azidziwa mmene alamu imagwirira ntchito, pakuti chinthu chimene sukuchimvetsa sichichedwa kusanduka chosowetsa mtendere chabe.

Akakalowa m'chipinda chake, akayang'ane kudenga. Akaona kambale koyera kokhala ndi timipata m'mbali ndi kanyali kothwanima mwa apo ndi apo, chimenecho ndicho chodziwira utsi. Zambiri za masiku ano zili ndi kuwala kobisika m'kati mwake ndi kadiso kamene kamayang'ana chammbali. Mpweya ukakhala woyera kuwalako sikufika pa kadisoko, koma utsi ukalowa umamwaza kuwala, kadiso n'kuona, uthenga n'kupita. Palinso zamtundu wina zokhala ndi kachidutswa kochepetsetsa ka americium-241. Izi zimamva msanga moto wa malawi, koma zimavutanso kwambiri ndi utsi wa zophika. Kukhitchini nthawi zambiri saikako chodziwira utsi. Amaikako chodziwira kutentha, chimene chimadikira mpweya wa kudenga ufike pafupifupi madigiri 58. Kachipangizo kodziwira utsi sikasiyanitsa utsi wa moto ndi nthunzi ya madzi osamba, fumbi, perefyumu wopopera kapena mankhwala a udzudzu. Apa ndi pamene pamachokera kulira kwabodza kochuluka, kumene mwana wanu akhoza kuthandiza kukuchepetsa: atseke chitseko cha kubafa posamba madzi otentha, asapopere kanthu pansi penipeni pa kambaleko, asasiye buledi akupserera kapena mafuta akufuka utsi iye ali pa foni kunja.

Pafupi ndi makomo otulukira ndi pamasitepe pamakhala kabokosi kofiira pakhoma. Ku Britain ndi ku South Africa kamakhala ndi galasi kapena pulasitiki yoti usindikize ndi chala pakati pake; ku America kamakhala ndi chogwirira choti ukokere pansi. Kameneka ndi ka munthu amene waona moto ndi maso ake makina asanaumve. Ana athu ambiri tinawalera kuti asamagwire zinthu za eni, ndipo mwana wotere akhoza kuima pamaso pa kabokosiko n'kumaopa kuti adzamulipiritsa. Muuzeni mosabisa kuti akaona moto kapena utsi wosadziwika kochokera, asindikize. Palibe yunivesite yanzeru imene ingamulange pa zimenezo. Amene ayenera chilango ndi wosindikiza mwa masewera, ndipo m'maiko ambiri umenewu ndi mlandu wa kukhoti. Ine ndimati mnzake akachita zimenezi asamusekerere ngakhale pang'ono, chifukwa kulira kwabodza kulikonse kumaonjezera chiwerengero cha anthu amene sadzadzuka tsiku la moto weniweni.

Mawaya onse amakathera pa bokosi lalikulu la pakhoma, limene nthawi zambiri limakhala pafupi ndi khomo lalikulu kapena pamene pamakhala alonda. Bokosili ndi limene limalandira uthenga n'kuliza mabelu ndi masailini nyumba yonse. Lachikale limangoonetsa chigawo, monga nsanjika yachiwiri kumanzere. Lamakono limatchula ndi nambala ya chipinda yomwe. Lili ndi mabatire ake, oyenera kuligwira maola 24 magetsi atathima. Nyali zake n'zosavuta kuwerenga: yobiriwira ndiye kuti lili ndi mphamvu, yachikasu ndiye kuti pali chimene chawonongeka, yofiira ndiye moto. Mwana akamadutsa n'kuona nyali yachikasu ikuyaka masiku angapo, kapena bokosi lonse lili zii lopanda nyali, akanene kwa woyang'anira hositeli, ndipo akachite molemba kuti pakhale umboni. Malangizo a ku Britain otchedwa BS 5839 amafuna kuti alamu iziyesedwa sabata iliyonse, ndiponso kuti m'chipinda chogona kulira kwake kuzifika madesibelo 75 kumutu kwa bedi, chitseko chili chotseka. Ngati poyesa iye sakumva bwino ali m'chipinda chake, nazonso n'zokanena. Wovutika kumva akapemphe chipinda chokhala ndi nyali yong'anima ndi kachipangizo konjenjemera koika pansi pa pilo. Zimenezi zilipo, koma kambiri amapatsa wopempha.

Bokosi lija silingoliza belu lokha. M'nyumba zomangidwa bwino limamasula zitseko za m'makonde zogwidwa ndi maginito kuti zidzitsekere zokha, limatsitsa zikepe pansi n'kuziimika, limazimitsa makina oyendetsa mpweya kuti asafalitse utsi. Pa 18 Epulo 2021, moto wa m'tchire wochokera m'mphepete mwa Table Mountain utalowa pa University of Cape Town, chipinda chowerengera cha Jagger Library chinapsa, ndipo mabuku ndi zolembedwa zambiri za mbiri ya Africa zinatayika. Koma makina odziwira moto anatsitsa zitseko zazitsulo zimene zinatchinga moto kuti usafalikire mbali zina za laibulale, ndipo ophunzira pafupifupi 4,000 anasamutsidwa m'mahositeli. Ifenso kuno tikudziwa ululu wa moto wa pa sukulu: mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Komabe mwana asaganize kuti alamu iliyonse imadziimbira yokha kwa ozimitsa moto. Zina zimatero, zina zimangodziwitsa alonda, zina zimangolira m'nyumbamo basi. Akatuluka panja, aimbe foni. Ku Britain ndi 999, ku America ndi 911, ku South Africa 112 imagwira pa foni ya m'manja. Kuno kwathu ozimitsa moto ali pansi pa makhonsolo a mizinda. Nambala yawo ndi ya alonda a pa sukulupo azisunge mu foni tsiku loyamba lomwelo.

Tsopano pali khalidwe limodzi limene ndikupempha kuti mulitchule ndi dzina polankhula ndi mwana wanu, chifukwa limachitika m'mahositeli a dziko lililonse. Ophunzira ofuna kusuta kapena kuphika m'chipinda amavundikira chodziwira utsi ndi sokosi, jumbo kapena tepi, ena amachichotsa kumene. Amati achotsa chovundikiracho akamaliza, koma amaiwala, n'kugona. Wochita zimenezi sadziika pa ngozi yekha ayi. Waika pa ngozi mnzake wogona naye ndi onse a pakhonde limenelo. Chimodzimodzi kutsekereza zitseko zolemera za m'makonde ndi njerwa kapena ndi chozimitsira moto kuti mphepo izidutsa. Zitseko zimenezo anazipanga kuti zigwire moto ndi utsi kwa mphindi 30 kapena kuposa, koma zimatero pokhapokha zili zotseka. Ngati kudenga kuli timipopi towaza madzi, asakolekepo malaya kapena neti. Tambiri tili ndi kabotolo kagalasi. Kabotolo ka madzi ofiira kamasweka pa madigiri 68, ndipo madzi amatuluka pa kampopi kokhako kamene katenthedwa. Hang'ala ikaswa kabotoloko, chipinda chidzadzaza madzi, laputopu ndi mabuku n'kuwonongeka popanda moto uliwonse.

Anthu ambiri amaganiza kuti fungo la utsi lingawadzutse. Silidzutsa. Munthu ali m'tulo mphuno zake sizimuchenjeza, ndipo utsi uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene umangomuonjezera tulo. Matiresi ndi masofa a siponji akamapsa amatulutsanso mpweya wina wapoizoni, hydrogen cyanide. Ambiri ofera m'moto wa m'nyumba amaphedwa ndi utsi malawi asanawafike. Akatswiri a bungwe la UL ku America amati kale, pamene mipando inali ya matabwa ndi thonje, munthu ankakhala ndi mphindi pafupifupi 17 zothawira, koma m'chipinda cha katundu wa siponji ndi pulasitiki zatsala zitatu kapena kucheperapo. Mphindi zitatu sizikwanira kusaka pasipoti, kumatula laputopu pa chaja ndi kumanga zingwe za nsapato. N'chifukwa chake foni, kiyi, nsapato zongopisa ndi chovala chofunda zizigona pafupi ndi bedi, malo amodzimodzi usiku uliwonse.

Alamu ikalira, adzuke, adzutse mnzake. Asanatsegule chitseko achikhudze ndi kuseri kwa dzanja, chapamwamba ndi pa chogwirira. Chikakhala chozizira atsegule pang'ono, asuzumire. Khonde likakhala loyera atuluke, atseke chitseko pambuyo pake, alunjike ku masitepe apafupi, osati ku chikepe. Akudutsa azigogoda zitseko ndi kufuula kuti moto, makamaka pa chipinda cha amene akumudziwa kuti anabwera ataledzera kapena amagona atavala mahedifoni. Koma asaime kudikira yankho. Akakumana ndi utsi wochepa awerame kapena akwawe, pakuti mpweya wabwino umatsalira pansi. Chitseko chikakhala chotentha, kapena khonde litada ndi utsi, asayerekeze kudutsamo. Atsekenso, atseke mpata wa pansi pa chitseko ndi thaulo lonyowa, apite pa windo, aimbe foni kunena nambala ya chipinda, agwedeze nsalu yowala kapena tochi ya foni kuti amuone. Chitseko chotseka chimagwira utsi nthawi yaitali kuposa mmene ambiri timaganizira, ndipo n'chifukwa chake n'kwabwino kugona chitseko chili chotseka, ku hositeli ngakhale kunyumba.

Panja pamakhala malo osonkhanirana, osonyezedwa ndi chikwangwani chobiriwira. Apite kumeneko, asapite kukagona kwa mnzake ku hositeli ina osauza munthu, chifukwa powerenga anthu akapezeka kuti palibe, wozimitsa moto adzalowa m'utsi kukasaka munthu amene ali bwinobwino. Ndipo asabwerere m'nyumba ngakhale belu litasiya kulira. Belu amatha kulizimitsa kuti ozimitsa moto azimvana. Wonena kuti lowani ndi ozimitsa moto kapena oyang'anira.

Zonsezi zimayenda bwino ngati njira anaiyenda kale masana. Ngati mwamuperekeza tsiku lofika, musangoona bedi ndi kabati n'kutsanzika. Yendani naye kuchoka pa chipinda chake mpaka panja, kenaka mubwerere mukatulukire khomo lina, chifukwa njira ziyenera kukhala ziwiri. Muwerenge zitseko zimene zili pakati pa chipinda chake ndi masitepe. Mu utsi maso sagwira ntchito, munthu amayenda chopapasa khoma. Kankhani chitseko chotulukira pangozi muone ngati chikutseguka. Mukapeza loko ndi tcheni, funsani mwaulemu koma molimba mtima kuti kiyi amasunga ndani usiku. Oyang'anira ena amakhoma makomo amenewa poopa akuba ndi alendo olowa mozemba, ndipo nkhawa yawoyo ndi yomveka, koma yankho lake ndi chitseko chotseguka ndi m'kati mokha, osati loko.

Tinene zoona: ophunzira ambiri a kuno sagona m'mahositeli a sukulu. Amachita lendi tizipinda ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, ndi m'madera ena ozungulira masukulu a ku Blantyre ndi Lilongwe. M'nyumba zotere simuyembekezera kupeza bokosi la alamu, ndipo mawindo ake amakhala ndi zitsulo zowotcherera, khomo limodzi, geti yachitsulo ya loko. Muno ndi mmene ngozi ili yaikulu, ndipo muno ndi mmene banja lingachitepo kanthu ndi manja ake. Mugulireni mwana alamu ya utsi ya batire, yoima payokha, yosafuna mawaya. Imapezeka m'masitolo ena a zomangira ndi zamagetsi, ndipo wachibale wochokera ku Johannesburg kapena ku London akhoza kubweretsa ziwiri zitatu m'chikwama. Imamangidwa kudenga ndi masikuluwu awiri, chapakati pa chipinda kapena pakhonde la kuzipinda zogona, masentimita osachepera 30 kuchoka ku khoma ndi ku babu. Ikhale mamita atatu kuchoka pamene amaphikira, apo ayi idzalira tsiku lililonse mpaka wina adzaichotsa batire. Nyumba ikakhala yopanda siling'i, ikani pa mtanda wa denga, koma osati pansonga penipeni pamene mpweya umangoima. Pemphani alandilodi chilolezo, muwauzenso kuti ndi nyumba yawo yomwe ikutetezeka.

Kusamala kwake n'kochepa. Kamodzi pamwezi asindikize batani loyesera mpaka ilire. Ikayamba kulira kamodzikamodzi motalikitsa, kuti tswii, n'kukhala chete, ndiye kuti batire latha. Aike lina tsiku lomwelo, ndipo batire la alamu lisabwerekedwe kukaika mu wailesi. Pali zina za batire lomatiridwa m'kati lokhala zaka 10, ndipo kwa wophunzira ndingasankhe zimenezi chifukwa palibe chochotsamo. Aipukute fumbi ndi ukonde wa akangaude, asaipake penti. Alamu iliyonse ikakwanitsa zaka 10 kuchokera pa deti lolembedwa kuseri kwake, isinthidwe ngakhale ikulirabe poyesa.

Zoyambitsa moto m'zipinda za ophunzira timazidziwa, ndipo n'zomwezo za m'nyumba zathu. Magetsi athima wina akuphika nyemba pa hotipuleti kapena akusita. Iye n'kutuluka osazimitsa pa soketi. Magetsi n'kubwera pakati pa usiku. Lamulo likhale lakuti magetsi akangothima, hotipuleti, ayironi ndi ketulo zizulidwe nthawi yomweyo. Kandulo yowerengera isaikidwe pa buku, pa mpando wa pulasitiki kapena pafupi ndi neti ndi katani. Nyali ya sola kapena yotchaja ndi yotchipa poyerekeza ndi zimene kandulo ingawononge. Ekisitenshoni imodzi isanyamule hotipuleti, ketulo ndi hita pamodzi, ndipo mawaya olowetsedwa mu soketi popanda pulagi achotsedwe. Foni ndi pawabanki zisatchajidwe pansi pa pilo. Mafuta akayaka mu poto asathire madzi, chifukwa moto umalumpha mpaka kudenga; azimitse chophikira, avundikire ndi chivundikiro, asiye zizizire. Moto wa magetsi nawonso sufuna madzi. Chozimitsira moto chili bwino pa moto waung'ono, munthu ataima khomo lili kumbuyo kwake, alamu italizidwa kale. Moto ukakula kuposa pamenepo, atuluke.

Za kiyi ndi zitsulo ndikuzitchula mobwereza chifukwa n'zimene zimasandutsa nyumba kukhala msampha. Kiyi wa geti yachitsulo akhale pa msomali wodziwika kwa aliyense wogona m'nyumbamo, pafupi ndi khomo, poti dzanja lochokera kunja silingafike, ndipo asayende m'thumba la munthu mmodzi. Ngati n'kotheka, windo limodzi la kuchipinda likhale ndi zitsulo za mahinjesi zotseguka ndi m'kati. Wowotcherera aliyense wa pamsika angathe kukonza zimenezi.

Chomaliza n'cha mbaula. M'miyezi ya Juni ndi Julaye ophunzira, monganso mabanja ambiri, amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda kuti awothe, n'kutseka mawindo. Makala oyaka bwino satulutsa utsi wooneka, koma amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu, ndipo alamu ya utsi siumva. Pali alamu yake yapadera, imene ndi yofunika m'nyumba iliyonse yophikira makala kapena gasi m'kati. Zizindikiro za mpweya umenewu ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene munthu angaziyese malungo; zikagwira anthu awiri atatu nthawi imodzi m'chipinda chimodzi, atsegule makomo, atuluke panja, apite kuchipatala akanene kuti anali ndi mbaula. Kaya alamu imeneyi ilipo kaya palibe, mbaula itulutsidwe panja anthu asanagone, ndipo jenereta isalizidwe m'nyumba kapena pakhonde lotsekedwa.